Ndinkaopa kuonda kuposa kufa

Kwathu kuno munthu ukanenepa amati zako zayera. Ine ndinanenepa ndithu, ndipo ndinkanyada nazo. Ndili ndi kagolosale ku Liwonde, ndiye tsiku lonse ndinkangokhala pampando, botolo la zoziziritsa kukhosi pambali. Masana tchipisi cha pachiwaya, usiku nsima zipande zosawerenga, ndiwo zake mafuta ndi mchere wa dzanja lolemera. Ngakhale ulendo wa pamsika pomwepa ndinkaitana wa kabaza. Mutu ukamagunda chakunkhongo ndinkati ndi dzuwa la ku Liwonde, poti aliyense amadziwa mmene kumatenthera mu Okutobala.

Tsiku lina ndinapita ku Balaka kukapikula katundu. Nditatsika minibasi maso anachita mdima, mawondo anagweluka, ndipo ndinadzidzimukira kuchipatala chitenje chili fumbi lokhalokha. Namwino anayeza BP kawiri, kenaka anaitana mnzake kuti adzaone. Anandiuza kuti ikafika 140/90 ndiye kuti yakwera kale, koma yanga inali itapitirira pamenepo kutali.

Usiku umene ndinagona m'chipatalamo sindidzauiwala. Dzanja lamanzere linachita dzanzi, ndinkalitsina kuti ndimve ngati likadali langa. Mayi anga anadwala sitiroko kumudzi ku Ntaja, ndipo ndine ndinkawasambitsa, kuwatembenuza pamphasa, kuwamwetsa phala likutayikira mbali imodzi ya pakamwa. Ankafuna kunditchula dzina koma lilime linkakana. Ndili gone pabedi lija ndinkaona mwana wanga wamkazi, amene anali Fomu 2, atasiya sukulu akundichitira zomwezo. Ndinalira chamumtima kuopa kudzutsa odwala anzanga. Kupemphera ndinkafuna, koma mawu sankabwera, ndinkangoti, "Ambuye, ana anga." Inu amene munagonapo usiku wotere mukudziwa kutalika kwake.

Ananditulutsa ndi mapilitsi komanso malangizo oti ndichepetse thupi. Malangizowo ndinawamva, koma poyambira sindinkadziwa. Ndinagula tiyi woti amaondetsa, anangonditsegula m'mimba. Ndinayesa kukhala ndi njala, madzulo ndinkadya zobwezera. Ndinayesa kuthamanga mbandakucha, bondo linatupa. Ndinagwa ulesi n'kubwerera pampando wanga, mantha ali tho.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa mnzanga wa kumvano, mnyamata amene amaphunzitsa anzake kunyamula zitsulo pabwalo la sukulu. Onse amangomuti Kochi. Jimu yake ndi mapaipi okhala ndi zitini za simenti uku ndi uku, matayala akutha ndi chingwe chodumpha. Nditaona zimenezo ndinafuna kubwerera, koma iye anandipatsa mpando n'kupempha buku langa la kuchipatala. Analiwerenga mofatsa, kenaka anati, "Mayi, zitsulozi si zanu panopa. Mankhwala musasiye, ine si dokotala. Ife tiyamba ndi kuyenda basi."

Tinkanyamuka kusanache, dzuwa lisanakwiye, kulunjika kumlatho wa Kamuzu Barrage pa Shire. Masiku oyamba sindinkafikako. Iye ankayenda pambali panga akundifunsa mitengo ya sopo ndi shuga, ndipo pambuyo pake anandiululira kuti ankamvetsera mpweya wanga: ndikalephera kumaliza chiganizo, ndiye kuti tathamanga kwambiri. Anandiuza kuti a WHO amalimbikitsa munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi mphindi 150 pa sabata, ndipo tinazigawa mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Kenaka anawonjezera kukhala ndi kudzuka pampando osagwira, ndi kunyamula zigubu za madzi za malita 5. Za chakudya sanandiletse nsima. Anati ndichepetse zipande, mgaiwa ulowe m'malo mwa woyera, masamba achuluke m'mbale, mchere usapose magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi. Ndinkamulipira kangachepe pamwezi, mwezi wovuta ankandidikira.

Thupi litayamba kutsika, kunabwera chiyeso chimene sindinachiyembekeze. Diresi litayamba kukhwepa, anthu anayamba kunong'ona. Mayi wina anabwera kudzagula mafuta ophikira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndinakayezetsa magazi. Ena ankati bizinesi yagwa. Ena ankati mayi wamkulu ngati ine ndikufunanji pamsewu usiku ndi mnyamata. Abale anga, mawu amenewa anandilasa kuposa zimene namwino ananena. Ndinasiya. Foni ya Kochi ikalira ndinkangoiyang'ana, ndipo ndinayambanso tchipisi mwadala kuti masaya abwerere. Ndinali wokonzeka kufa wonenepa kusiyana n'kuti anthu azindinena.

Kochi anabwera yekha kugolosale. Sanandikalipire. Anakhala pabenchi mpaka makasitomala atatha, ndiye anati, "Mayi, amene akukunenaniwo, tsiku limene mudzagwenso adzabwera kudzakutembenuzani pamphasa?" Nkhani ya mayi anga ndinali nditamuuza tikuyenda, ndipo anaisunga. Ndinalira pamaso pa mwana woti ndikanatha kumubereka. Iye anadikira, kenaka anati mawa abwera ndi mayi ake, tizikayenda atatu kuti pakamwa pa anthu patsekeke.

Anabweradi. Mnzanga wa kumvano uja atamanga chitenje m'chiuno, nsapato za mwana wake kumapazi. M'mawa umenewo ndinafika pamlatho, ndinagwira chitsulo cha m'mbali ndikupuma mwawefuwefu, mvuu zikulira kumunsi, ndipo ndinathokoza Mulungu mokweza osaopa wondimva.

Pano tikuyenda amayi angapo, ena a mpingo, ena Asilamu anzathu atavala mahijabu awo. Mmodzi ndi uja anandifunsa zoyezetsa magazi, iye anam'peza ndi shuga. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa, ndiye ndikaona mnzanga akudandaula mutu wa kunkhongo ndimamuperekeza kukayezetsa. Mapilitsi ndikumwabe, kusikelo ya BP sindijomba, ndipo manambala a m'buku langa atsika mpaka adokotala anamwetulira. Thumba la shuga ndimatsitsa ndekha pa kabaza. Mwana wanga analemba Fomu 4.

Kochi akuti kukazizira mu Juni atitenga tikakwere phiri la Chikala. Ndamuuza kuti ndikuopa, iye wati tikayamba ndi kumunsi.