Njinga ndi Mapiri a Kwathu ku Mchinji

Ku Mchinji kuno palibe munthu amene njinga ndi yachilendo kwa iye. Mukaime pa Kamwendo m'mawa wa tsiku la msika, muone zimene zikutuluka m'tinjira ta kumidzi: matumba a mtedza ndi soya, nkhuku m'zitete, mbuzi yomangidwa pakaliyala ikulira njira yonse, mayi wodwala atakhala cham'mbali, dzanja lili pamalaya a mwamuna wake. Ndife alimi, minda ili kutali ndi misika, ndipo galimoto zambiri zimangotsata tala. Kwina konseko ndi kwa njinga.

Ndinabadwa boma lino likutchedwa Fort Manning, Chipata kutsidyako akuti Fort Jameson. Njinga yoyamba kuikhudza ndi dzanja langa inali ya amalume. Atabwera ku migodi ya ku Joni, ndalama za Wenela zili m'thumba, anatsikira pa sitolo ya Mmwenye ku Lilongwe n'kugula Humber yakuda bii, yopangidwa ku England. Sanaikweze galimoto. Anaipalasa okha makilomita opitirira 100 kudzafika nayo pamudzi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, chifukwa tala panalibe masiku amenewo. Amayi anaimba nthungululu, ife ana tikuthamanga pambuyo.

Njinga imeneyo ndimaionabe m'maso mwanga. Chishalo chachikopa chokhala ndi masipuling'i pansi, belu lomveka mpaka kudimba, pompa womangirira pafelemu, ndi kachikwama kakang'ono kuseri kwa chishalo momwe munkakhala sipanala, soloshoni ndi zigamba za chubu. Usiku amalume ankatsamiritsa dayinamo patayala, ndipo kuwala kunkakula iwo akawonjezera liwiro. Inkagona m'nyumba, osati pakhonde. Loweruka madzulo ankaitembenuza chagada, n'kundipatsa kansalu kuti ndipukute sipoko imodziimodzi.

"Mphwanga," ankatero, "njinga imalankhula. Ukamva kulira kwachilendo, tsika uone. Usadikire kuti ikugwetse."

Miyendo yanga inali isanafike pamapedulo, choncho ndinaphunzira monga ankaphunzirira ana onse a nthawi imeneyo. Mwendo wakumanja umalowetsa pansi pa mtanda, thupi lili kumbali imodzi, njinga yapendekera mbali inayo, iwe n'kumapalasa theka la mzungulire, kutsogolo ndi kumbuyo. Tsiku limene amalume anasiya kugwira kaliyala, ine n'kupitirira ndekha mpaka pamtengo wa mango, chimwemwe chinandigwira pakhosi. Sindinagone msanga usiku umenewo.

Ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu analetsa ulendo wa Wenela, ndipo kuyambira pamenepo njinga za m'mudzi mwathu zinayamba kuchokera m'munda. Yanga inachokera mu mtedza wa Chalimbana. Ndinagulitsa ku ADMARC, ndinawerenga ndalama kawiri, n'kukagula Phoenix ya ku China. Inali yolemera, ya mabuleki a zitsulo amene mvula ikagwa ankangoseweretsa limu osagwira. Koma inandithandiza kufunsira mbeta, inanyamula feteleza, inathamangitsa mwana wathu woyamba ku chipatala cha mishoni usiku malungo atamugwira. Malungowo anapola. Munthu ungaiwale bwanji chitsulo chotere?

Malire a ku Mwami sanatilekanitse ndi abale. Achewa a kuno ndi a ku Katete ndi amodzi, mfumu yathu ndi Kalonga Gawa Undi, ndipo Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amayang'ana kwa Mpezeni. Maliro akagwa kutsidya, tinkakwera njinga. Ku Chipata n'kumene ndinaona njinga za Eagle, zimene fakitale ya Luangwa Industries inkapanga m'tauni momwemo m'nthawi ya Kaunda. Anzathu a kumeneko ankanyadira kuti njinga yawo ndi ya pakhomo, ndipo kunyadako kunali koyenera. Mpaka lero mukalowa mu Chipata mudzaona kuti ndi tauni ya njinga.

Chimene njinga zathu zinkalephera ndi phiri. Giya inali imodzi basi. Msewu ukayamba kukwera, monga umachitira ukamayandikira mapiri a cha ku Kachebere, kumene a White Fathers anatsegula seminale mu 1939, unkaimirira pamapedulo, kukankha ndi mphamvu zonse, kenako n'kutsika n'kuyamba kuikoka. Palibe ankachita nazo manyazi. Tinkadziwa kuti pachitunda munthu amayenda pansi, pamtsetse njinga imabweza ngongole. Koma m'tinjira ta m'mapiri enieniwo, m'nkhalango ya Mchinji momwe mtsinje wa Bua umayambira, njinga tinkaisiya kwa achibale m'munsi, n'kukwera wapansi kukatola masuku kapena kukazula bowa.

Sitima inafika pa Boma mu 1980. Kenako kunabwera maminibasi ambirimbiri, ana anakula, mawondo anayamba kudandaula. Phoenix ndinampatsa mwana wanga wamwamuna, ndipo panapita zaka zambiri ndisanakhalenso pachishalo.

Amene anandibwezera panjinga ndi mdzukulu wanga wa ku Lilongwe. Anabwera patchuthi ndi njinga ya kaunjika, ya matayala onenepa okhala ndi mano, handulo yowongoka, yopanda kaliyala ngakhale madigadi. Nditaiyang'ana ndinafunsa kuti katundu amakhala pati.

"Agogo, iyi si ya katundu. Ndi ya m'mapiri. Tayesani."

"Mawondo anga ndi awa, mwana iwe."

"Ndiye chifukwa chake ndikuti muyese, agogo."

Anakweza chishalo kufika pamlingo wa chiuno changa, kuti mwendo uziwongoka pedulo ikafika pansi. Anati ambirife timapweteka mawondo chifukwa chokhala pansi kwambiri. Kenako anandisonyeza magiya: mano atatu kutsogolo, asanu ndi awiri kumbuyo, ukachulukitsa magiya onse ndi 21. Tcheni ikakhala pa kakang'ono kutsogolo ndi pa lalikulu kumbuyo, miyendo imazungulira mopepuka, tayala likuyenda pang'onopang'ono. Anandichenjeza kuti ndizisintha giya chitunda chisanalimbe, ndikupalasa mofewa, chifukwa ukasintha uli mkati mokankha mwamphamvu tcheni imalira, nthawi zina n'kuduka.

Kuseri kwa mudzi wathu kuli chitunda chimene moyo wanga wonse ndinkachikwera ndikukoka njinga. Tsiku limenelo ndinachiyamba mtima ukugunda. Ndinadina kachitsulo ndi chala chachikulu, tcheni inati khethe, ndipo mapedulo anapepuka. Ndinadutsa pachulu pamene ndinkatsikira kale. Ndinadutsa pamtengo wa muwanga. Mpweya unali kutuluka mwamphamvu, koma mawondo anali chete. Nditafika pamwamba ndili pachishalo, ndinaima n'kuyang'ana kumbuyo, minda ya fodya ndi madambo zili tambalale kumunsi, misozi n'kulengeza. Mdzukulu wangayo pobwerera ku tauni anakwera minibasi, njinga anaisiya kuno.

Kutsika ndiye kunafuna kuphunzira mwatsopano. Pamtsetse wa miyala sukhala pachishalo. Umadzuka pang'ono, matako kumbuyo, mawondo ndi zigongono zili zofewa kuti njinga izivina yokha pansi pako. Buleki ya kutsogolo suigwira mwadzidzidzi, apo ayi uuluka pamwamba pa handulo. Maso amayang'ana kumene ukufuna kupita, osati pamwala umene ukuuopa. Pamchenga wa m'dambo ndimachepetsako mpweya m'matayala kuti agwire bwino. Chipewa cholimba choteteza mutu ndimavala nthawi zonse, ndipo ana anga ndawauza kuti aliyense wokwera njinga yangayo avale.

Masewera a njinga za m'mapiri akuti anayambira ku California m'zaka za m'ma 1970. Anyamata ena, monga Gary Fisher ndi Joe Breeze, ankatenga njinga zakale zolemera n'kumatsika nazo mapiri a ku Marin County, kenako anayamba kuziikira magiya ndi kupanga mafelemu olimba. Pofika 1996 mpikisano wake unalowa m'masewera a Olympics ku Atlanta. Ndimawalemekeza chifukwa anatipangira chida chabwino. Koma ndikaona mnyamata wa kwathu akutsika kanjira ka m'phiri ndi matumba a makala osanjikizana kuposa mutu wake, njinga ya giya imodzi, phazi lili patayala m'malo mwa buleki, ndimadziwa kuti luso lotere ngakhale akatswiri a kunja angaliime n'kuliyang'ana. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anakwera phiri pofuna kusangalala, ife tinalikwera pofuna chakudya.

Ndipo makala omwewo amandiwawitsa mtima. Mapiri amene ndinawadziwa ali ndi mitengo ya mombo ndi masuku yothithikana, malo ambiri lero ndi zitsa. Mnyamatayo sindimuda, ana ake ayenera kudya. Koma njinga yatsopanoyi yandifikitsa m'malo amene ndinali ndisanapondeko kuyambira unyamata, ndipo ndaona ndi maso anga timitsinje timene sitinkaphwa, tsopano mwezi wa Okutobala tili gwa. Munthu wa paminibasi zimenezi saziona. Komwe mitengo idakalipo, makamaka m'zigwa zovuta kufikako, mphepo imazizirabe monga kale, ndipo ndimatsika n'kukhala pamwala kumvera mbalame.

Anthu poyamba ankadabwa. "Agogo, kwagwanji? Mukupita kuti opanda katundu?" Ndikayankha kuti ndikungoyenda, ankaganiza kuti ndikubisa nkhani. Ndimawamvetsa. Ngakhale ine, pamene ndinkaona azungu a Tour d'Afrique akudutsa pa Boma kulowera ku Mwami, pa ulendo wawo wochoka ku Cairo kupita ku Cape Town umene unayamba mu 2003, ndinkadzifunsa kuti akuvutikiranji anthu oti ndalama ya ndege ali nayo. Lero ndikawaona ndimakweza dzanja, chifukwa ndikudziwa chimene akumva m'chifuwa. Kumpoto, ku Luwawa m'mapiri a Viphya, kumachitika mpikisano wa njinga za m'mapiri, Amalawi n'kumapikisana nawo. Ndimalakalaka tsiku lina mnyamata kapena mtsikana wa ku Mkanda kapena ku Kapiri atakaimako. Miyendo ilipo kale kuno. Chosowa ndi njinga yabwino ndi munthu wowauza kuti zimenezi n'zotheka.

Anzanga enieni masiku ano ndi anyamata a kabaza ndi mmisiri wokonza njinga pansi pa mtengo pamsika wathu. Mmisiriyu ndimatha kukhala naye m'mawa wonse. Akamawongola limu, amaika tayala pafoloko yakale yokhomera pachitsa, amalizunguza, chala chili pafupi ndi limu. Pamene lakhudza chala, amamasula sipoko ya mbali iyi pang'ono, kumanga ya mbali inayo pang'ono, n'kuzunguzanso. Safulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tayala lopindika limachoka m'manja mwake likuzungulira mowongoka. Iye ndi amene anandiuza vuto la njinga za kaunjikazi: kachida kosinthira magiya kakathyoka, china chofanana nacho sichipezeka msanga, ndiye ambiri amangofupikitsa tcheni, njinga n'kusanduka ya giya imodzi. Yanga amaisamala ngati yake. Tcheni timaitsuka ndi palafini, kuipukuta, n'kudonthezera mafuta pang'ono chabe, chifukwa mafuta ochuluka amaitana fumbi.

A kabaza amaiyang'ana njinga yanga, ena n'kupempha kuizunguza pamsika. Ndimawalola. Iwo amakonda yolimba kaliyala, monga Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, imene kumbuyo kwake imanyamula makilogalamu 100, ndipo akunena zoona, pa ntchito yawo yanga singathandize. Njinga zamoto zawalanda makasitomala ambiri, koma mayi wa ndalama zochepa amene akuchokera kuchigayo amadziwabe kuti wa kabaza wopalasa samukana. Mmodzi wa iwo atabwera kozunguza anatsika akumwetulira.

"Madala, imeneyi ndiye ikuuluka. Lamulungu tikakwere limodzi kuphiri."

Tinapitadi, iye pa njinga yake ya ntchito, ndipo anandidikira pamwamba.

Chinthu china chasintha, ndipo chasintha bwino. Paunyamata wanga mkazi wopalasa njinga m'mudzi mwathu anali wosowa. Azilongo anga sanaphunzire, ankangokwezedwa pakaliyala, ndipo lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauzi, limene linakhalapo mpaka nyengo ya matipate, silinawathandize. Lero atsikana akupalasa kupita ku sekondale, azimayi akupalasa kupita ku sikelo mwana ali kumbuyo. Mdzukulu wanga wamkazi, wa sitandade 7, ndiye wandigwira kwambiri pankhani ya njingayi. Ndamutsitsira chishalo, waphunzira kusintha magiya msanga kuposa ine, ndipo kumata chubu akudziwa: kumiza m'beseni kufuna pamene pakutuluka thovu, kupala pang'ono, kupaka soloshoni, kudikira iume kaye asanaike chigamba. Agogo ake aakazi amadandaula kuti ndimuphunzitsa zachimuna. Ndimawayankha kuti mwana amene amadziwa kukonza njinga yake sagona panjira.

Tapangana kuti mvula ikatha, mtedza tikakumba, tidzapita ku Kachebere kudzera njira za kumidzi, osati pa tala. Iye adzakwera ya m'mapiriyi, ine ndabwereka Phoenix yakale ija kwa atate ake, ndipo mmisiri waiika kale tcheni yatsopano ndi mabuleki. Pachitunda ndidzatsika n'kuikoka monga kale, iye azikwera. Ndamuuza kuti akafika pamwamba asandidikire padzuwa, akakhale pamthunzi, madzi ndi mbatata yootcha zidzakhala pakaliyala yanga.