Ulendo wa ku Tembwe uyambira pansi pa motoka

Ku Tembwe, mu Chama, ni kutali: Great East Road, makona a Manenekela, Chipata, Lundazi, kenaka fumbi chabe. Kuchigwa cha Luangwa, mchenga na matope vimadya ma brake pads monga nsima ya pamaliro.

Manje Land Cruiser ikali pa yadi mu Lusaka, ikwezeni pa jeke, ikani chitsa pansi (jeke yokha sitiidalira), chosani tayala. Pad ikachepera 3 mm, chinjani mawilo onse awiri, kumanja na kumanzere. Onani ngati mapaipi adontha. Nambala ya DOT ya brake fluid ili pa chivundikiro. Mukamanga, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe musananyamuke.

Ma pads ena nyamulani. Ku Tembwe muzapeza mpunga wonunkhira, koma ma spare, iyayi.