Bambo akamangidwa, nyumba yonse imalowa m'ndende

Anzanga a kunyanja, ndine uja wa usipa. Mwezi uno ndili kwa Nthache kuno ku Mwanza, dziko la manachesi, kutsatsa nsomba zouma. Werengani mpaka kumapeto, bandulo sikutherani.

Ife ana a asodzi kudikira bambo timakudziwa. Akapita ku chilimira usiku mwera n'kuyamba, mayi sagona, amangotuluka kukayang'ana nyali pamadzi. Koma kudikira kwathu kumatha m'mawa bwato likakocheza. Mwana amene bambo ake ali kundende m'mawa wake sufika msanga.

Pakhomo pomwe ndikugona, bambo wa nyumba anamangidwa pa mlandu wa makala. Kamnyamata kawo ka Sitandade 5 sikatchula dzina lawo ngakhale pang'ono. Koma kapanga galimoto ya mawaya yokhala ndi mipando inayi, ndipo mpando umodzi sikalola mnzake kuikapo ngakhale mwala. Akuti ndi wa ababa pobwerera. Mayi ake anandiuza kuti anadziwira pa galimotoyo kuti mwana akuwerenga masiku, poti pakamwa amangoti ali bwino. Ku sukulu anzake amamutcha mwana wa mkaidi, ngati kuti makalawo anaotcha ndi iye.

Izi zinandikumbutsa a Jack Mapanje, mlakatuli wa kwathu konkuno kunyanja, wobadwira ku Mangochi. Anagwidwa ku Zomba mu 1987, nthawi ya Kamuzu, ali mphunzitsi ku Chancellor College, n'kutsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Kunyumba anasiya mkazi ndi ana atatu. Ndakatulo zambiri ankazisunga m'mutu poti cholembera sichinkaloledwa, ndipo atatuluka zinasindikizidwa mu 1993 m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Mu 2011 anatulutsanso And Crocodiles Are Hungry at Night, momwe akufotokoza zaka zimenezo ndi zomwe banja lawo linadutsamo. Dziko linkawerenga dzina la womangidwa mmodzi, koma olangika anali asanu.

Palinso chimbale cha Zomba Prison Project, chomwe Ian Brennan anajambula ndi akaidi a kundende ya Zomba mu 2013. Chinatuluka mu 2015, ndipo mu 2016 chinapikisana nawo pa mphoto ya Grammy, koyamba kuti nyimbo za ku Malawi zifike pamenepo. Chisakeni pa YouTube. Mukamva mawu a azimayi aja mudzadzifunsa kuti kodi ana awo akudya kwa ndani.

Sindikunena kuti wolakwa asalangidwe ayi. Ndikunena kuti khoti likamagamula, mwana sakhala m'fayilo, koma fizi, ufa ndi manyazi zimagwera iye. Ndipo mwana sangakuuzeni kuti "ndasowa bambo". Amajambula pakhoma ndi khala, amaumba dongo, amaimba ali yekha padooko.

Tsono aise, kudooko kwanu konko kuli ana otere, ena bambo awo anagwidwa ndi ukonde woletsedwa nyanja itatsekedwa. Mukamuona akujambula pamchenga musamuseke. Mufunseni kuti wajambulayo ndani, kenako mukhale chete mumve. Ngati mayi ake akusowa ya basi yokaonera amuna awo, sonkhani ngati mmene timasonkhera ya palafini.

Tumizani kwa ena a kwathu.