Njinga Ikakwera Galimoto

Bambo anga anagulitsa mbatata ya kachewere kwa zaka zoposa 20, ndipo zaka zonsezo anadalira njinga imodzi. Inali Humber yakuda, ya keliyala yochita kuwotcherera kawiri. Ankanyamuka ku Bembeke kusanache, thumba lili kumbuyo, n'kukafika pamsika wa ku Dedza dzuwa likutuluka. Njingayo inanyamulapo feteleza, malata, mbuzi yomangidwa miyendo, ndiponso mayi anga usiku umene ankapita kukachira mng'ono wanga. Pa ubwana wanga wonse, njinga ndinkaidziwa ngati chinthu chonyamula zinthu zina. Ikakwezedwa pamwamba pa minibasi, ndiye kuti yathyoka kapena mwini wake wadwala.

N'chifukwa chake ndinachita manyazi chaka chatha, pamene ndinatha milungu itatu mumzinda wa Glasgow ndikufufuza chitsulo chonyamulira njinga zabwinobwino.

Amuna anga ndi a ku Scotland konkuno. Zaka zitatu zapitazo tinagula galimoto yakale ya Volkswagen Transporter T5, mwa zimene zinapangidwa pakati pa 2003 ndi 2015. Mwini wake woyamba anaikonza kukhala yogonamo: ili ndi bedi, kachitofu ka gasi, kafiriji, ndi denga lotukuka lokhala ndi bedi lachiwiri. Kuno galimoto zotere amazitchula kuti campervan. Tinkafuna kupita nayo ku zilumba za Outer Hebrides, kumene kuli msewu wa apanjinga wotchedwa Hebridean Way, wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Vatersay mpaka ku Butt of Lewis, wodutsa zilumba 10. Sitinkafuna kuupalasa wonse, popeza mwana wathu ali ndi zaka zisanu zokha. Koma njinga zinayenera kupita nafe, ndipo mkati munalibe malo.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira, choncho vuto loyamba limene ndinaona linali la dzina. Ndikamaganiza m'Chichewa ndinkangoti "chija", kapena "chitsulo chopachikapo njinga kumbuyo kwa galimoto", mawu asanu ndi limodzi pa chinthu chimodzi. Ndinalisiya kaye vutolo n'kuyamba kuwerenga za mitundu yake, imene ndinapeza kuti ilipo itatu.

Mtundu woyamba ndi wa padenga. Uwu tinaukana msanga. Galimoto yathu kutalika kwake kupita m'mwamba ndi pafupifupi mamita awiri, ndipo njinga yanga ndi yamagetsi, yolemera makilogalamu 24. Ndinaigula bondo litayamba kundivuta nditabereka. Kuikweza pamwamba pa mutu wanga sikukanatheka. Komanso denga lathu limatukulidwa usiku, ndipo malo ambiri oimikapo galimoto kuno ali ndi chitsulo chopingasa pakhomo choletsa zazitali kulowa.

Mtundu wachiwiri umakoledwa pa chitseko cha kumbuyo. Kampani ya ku Italy ya Fiamma imadziwika ndi zotere, ndipo ya Volkswagen imapanganso zake. Ubwino wake ndi woti sizitalikitsa galimoto kwambiri, ndipo nthawi zambiri nambala ndi nyali zimaonekabe. Koma kulemera konse kumagwera pa mahinji a chitseko, njinga umaikweza kufika m'chifuwa, ndipo njinga zikakhalapo chitseko chotsegukira m'mwamba ngati chathu chimalemera moti kuchitsegula n'kudziika pangozi. Kumbuyoko n'kumene timasunga botolo la gasi ndi nsapato za matope.

Wachitatu umakhala pa chitsulo chokokera ngolo, pa kampira kake ka mamilimita 50. Njinga zimaima pafupi ndi pansi, matayala ali m'tinjanji, ndipo zambiri zimapendekeka kuti chitseko chitseguke. Odziwika pa zimenezi ndi a Thule a ku Sweden, amene anayamba ntchito mu 1942. Popeza njinga zimabisa kumbuyo kwa galimoto, chitsulocho chimakhala ndi nyali zake ndi malo oikapo nambala, ndipo chimalumikizidwa ku magetsi a galimoto ndi pulagi ya mano 13 kapena 7. Lamulo la kuno silisekerera nambala kapena nyali zobisika. Ichi n'chimene chinatiyenera. Chatsopano chimene ndinachikonda mtengo wake unali mapaundi 520.

Ndinatembenuza ndalamayo kupita ku makwacha, monga mmene aliyense wochoka kwathu amachitira ngakhale pogula buledi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mapaundi 520 anali ndalama yoposa K1 miliyoni. Mwezi womwewo Bambo anali atandiuza kuti limu ya kumbuyo ya Humber yapindika, masipoko atatu athyoka, ndipo akudikira kukolola kuti akonzetse. Sanapemphe kanthu, sapemphapo. Ndinatseka kompyuta osagula, ndipo kwa masiku angapo amuna anga akafunsa ndinkangoti ndikuyerekezabe mitengo.

Lamlungu lotsatira ndinaimba kumudzi pa WhatsApp, pa foni ya mng'ono wanga. Titatha za mvula ndi za odwala, ndinalephera kudzigwira, ndinawafotokozera Bambo zimene zinkandisowetsa tulo, koma mtengo ndinaubisa.

"Njingazo zatani, zawonongeka?" anafunsa.

"Ayi Bambo, zili bwino. Kungoti kumene tikupitako n'kutali, ndiye zikwera kaye galimoto."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana mayi kuti adzamve zoti kwa apongozi njinga zimachita kuberekedwa. Kenako anati, "Ndiye chitsulocho ndi keliyala basi. Keliyala ya galimoto."

Ndinalemba mawuwo papepala nthawi yomweyo. Ndili ndi digiri yachiwiri ya zomasulira, koma dzinalo silinandibwerere kwa milungu iwiri, mwina chifukwa ndinali nditatsimikiza mumtima kuti chinthu chimenechi ndi moyo wa Bambo sizikhudzana.

Atatha kuseka anayamba mafunso, ndipo mawu awo anasintha, anakhala a munthu amene ali pantchito yake. Keliyalayo imagwira pati? Yatalikira bwanji kuchoka pa matayala a kumbuyo? Njinga yolemera ikhala mbali iti? Anandikumbutsa kuti thumba la mbatata likalendewera kumbuyo kwa keliyala, ngakhale lisawonjezere kulemera, tayala la kutsogolo limadzuka pokwera chitunda ndipo mahandulo samveranso. "Cholemera chiyandikire kwa iwe, Naphiri. Chopepuka ndiye chipite kunja."

Usiku womwewo ndinapeza zomwezo m'buku la malangizo, zolembedwa m'zilankhulo zambirimbiri. Njinga yolemera kwambiri iikidwe pafupi ndi galimoto. Katundu amene ali kumbuyo kwa ekiselo ya kumbuyo amaipanikiza ndi mphamvu yoposa kulemera kwake, ndipo amapepukitsa kutsogolo, kumene kuli chiwongolero. Pa chitsulo chokokera ngolo pamakhala kachikwangwani kosonyeza kulemera kumene kampira kaja kangasenze kuchokera pamwamba, kolembedwa ndi chilembo S. Ndinagwada pamsewu ndi tochi, ndikupukuta matope ndi chala, mpaka ndinawerenga: makilogalamu 100. M'nambala imeneyi mumalowa njinga zonse pamodzi ndi keliyala yomwe, imene payokha imalemera makilogalamu pafupifupi 20. Keliyala nayo ili ndi malire ake, nthawi zambiri makilogalamu 60, ndi malire enanso pa njinga iliyonse. Nambala yaing'ono pa zonsezi ndiyo imalamula.

Ndinakumbukira kuti njinga za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief limapereka ndi kugulitsa m'Malawi, m'Zambia ndi m'mayiko ena, keliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Galimoto yathu ya matani atatu, pamalo pamene pakhale njinga, imaloledwa kusenza katundu wofanana ndi wa njinga ya kumudzi. A kabaza a ku Dedza, onyamula munthu wamkulu ali ndi mwana kumsana, amafika pa mlingo umenewu tsiku lililonse.

Panalinso nambala ina imene sindinaiganizire. Kupita ku zilumbazo timakwera sitima ya CalMac kuchokera ku Oban kukafika ku Castlebay pachilumba cha Barra, ulendo wa maola pafupifupi asanu. Mtengo wa galimoto pa sitimayo umatengera kutalika kwake, kuphatikizapo chilichonse chotulukira kumbuyo, ndipo amodzi mwa malire ndi mamita 6. Yathu ndi ya mamita 5.29. Keliyala ya njinga zitatu ikanatidumphitsa malirewo, n'kumalipira zambiri pa sitima iliyonse. Ya njinga ziwiri inkakwana. Tinagwirizana kuti kanjinga ka mwana kazilowa mkati, pansi pa bedi, tayala limodzi litachotsedwa. Tinapitanso ndi galimoto pa sikelo ya magalimoto, titadzaza madzi, gasi ndi zovala, kuti tione ngati tili pansi pa makilogalamu 3,000 amene imaloledwa. Tinapeza 2,710.

Masamu onse anatheka, koma nkhani ya ndalama inali pomwepo. Lamlungu linalo Bambo anafunsa okha.

"Nanga keliyala ija ndi ndalama zingati?"

Ndikanatha kunama. Anthu ambiri okhala kunja timatero, timachepetsa mitengo ya zinthu zathu kuti akumudzi asatione ngati osakaza, kapena kuti asaganize kuti tili ndi zambiri kuposa zimene timatumiza. Ndinawauza zoona, m'makwacha. Panapita kanthawi osayankha, ndinkangomva nkhuku ndi wailesi ya kwa aneba.

"Kumbuyo kwanu kumakhala magalimoto ena?" anafunsa.

"Ambiri, Bambo. Ndipo amathamanga."

"Ndiye njinga ikagwa pamenepo, wafa ndi munthu wina wosalakwa. Usagule chachabechabe chifukwa cha ine. Koma usagulenso chatsopano. Chitsulo sichikalamba ngati munthu, umangoona mowotcherera."

Za limu yawo sanatchule. Inenso sindinanene kuti ndinali nditatumiza kale ndalama kwa mng'ono wanga kuti akagule limu ndi masipoko ku Dedza. Tonse tinadziwa, ndipo tinasiya choncho. Sindikunena kuti kutumiza ndalamayo kunathetsa kusiyana kwa moyo wanga ndi wawo. Ine ndikupitabe kokapalasa njinga pofuna kupuma, pamene iwo anapalasa moyo wawo wonse kuti ine ndikhale pasukulu. Koma kubisa mtengo kukanatanthauza kuti ndawatulutsa m'nkhani imene anali kuidziwa kuposa ine.

Tinaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito kwa bambo wina wachikulire wa ku Paisley, amene anali atagulitsa galimoto yake yogonamo mkazi wake atamwalira. Ndinachita monga anandiuzira Bambo. Ndinayang'ana mowotcherera monse ngati muli ming'alu, ndinayesa chomangira pa kampira kuti ndione ngati chikugwira osagwedera, ndinaona malamba a matayala ndi makiyi, ndipo tinalumikiza pulagi kuti mwana aone ngati nyali zonse zikuyaka. Tinaipendeketsa, chitseko chinatseguka n'kudutsa ndi mpata wa zala zitatu. Amuna anga anayeza ndi tepi kuchokera kutsogolo mpaka kumapeto: mamita 5.98. Tinalipira mapaundi 240. Mwini wakeyo anatipatsanso malamba awiri owonjezera, n'kuima pakhomo mpaka titakhota.

Tinanyamuka m'mawa wa Loweruka mu July. Ndinachotsa batire la njinga yanga, lolemera makilogalamu atatu, n'kuliika mkati. Njinga yanga inakhala pafupi ndi chitseko, ya amuna anga ya makilogalamu 14 kunja. Pamodzi ndi keliyala, kampira kaja kanasenza makilogalamu 53. Bambo anali atandipatsa langizo lomaliza: katundu amakhazikika ukayamba kuyenda, ndiye umayenda pang'ono, n'kuima, n'kumanganso. Iwo ankatero ndi malegeni awo asanafike pamsewu wa tala.

Tinaima ku Luss, m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, mvula yowaza ikugwa. Amuna anga ankati palibe chifukwa, popeza zonse anamanga okha. Ndinatsika, ndinagwedeza njinga iliyonse, ndipo lamba wa tayala la kumbuyo la njinga yawo anali atakhwepa mano awiri. Ndinamukoka, n'kujambula chithunzi, n'kutumiza kumudzi.

Yankho linatipeza tili pamzere wokwera sitima ku Oban. Anali mawu ojambulidwa, mng'ono wanga akumveka kuwauza kuti ayandikize foni kukamwa. Bambo anati mamangidwe ali bwino, koma pedulo ya njinga ya apongozi ikukhudza masipoko a yanga, ndiikepo kansanza. Kenako anafunsa ngati ku zilumbako amalima mbatata, ndipo ngati amalima, ndikawaonere mtengo wa thumba.