Pulogalamu ili pa seva, zenera lili pa laputopu yanga

Ambiri mwa ife amene tikulemba kafukufuku wa chaka chomaliza tili ndi laputopu zogula kwa munthu, za RAM ya 4 GB. Ukatsegula QGIS n'kuikamo zithunzi za satelayiti, fani imayamba kulira ngati chigayo. Pomwe ku dipatimenti kumakhala seva ya Linux yamphamvu, imene usiku wonse imangogona. Ine ndimagwiritsa ntchito seva yotero ndili kuhositelo, ndipo ndikuona kuti aliyense wochita za sayansi ayenera kudziwa kachitidwe kake asanamalize sukulu.

Njira yakale kwambiri ndi ya X11. X Window System inayamba ku MIT mu 1984, ndipo mtundu wake wa 11 unatuluka mu 1987. Anaipanga mwanjira yoti pulogalamu ikhoza kuyenda pa kompyuta ina, zenera lake n'kumaoneka pa ina. Ndikalemba ssh -X dzina@seva, kenako qgis, zenera limatseguka pamaso panga ngati kuti pulogalamuyo ili mu laputopu yanga, chonsecho ntchito yolemetsa yonse ikuchitikira uko. Pa Windows pamafunika MobaXterm, kapena PuTTY pamodzi ndi VcXsrv. Pa Mac pamafunika XQuartz.

Mawu ofunika pamenepo ndi ssh. X payokha siibisa kanthu. Kale inkamvetsera pa port 6000, ndipo zonse zimene munthu akutayipa zinkadutsa pa netiweki poyera. Mpaka pano pa intaneti pali malangizo akale onena kuti vuto likabuka ungolemba xhost +. Lamulo limenelo limauza kompyuta yako kuti ilandire aliyense, ndiye wina akhoza kujambula sikirini yako ndi kuwerenga batani lililonse limene wadina. SSH inabadwa chifukwa cha kuba kwa mtundu womwewu. Tatu Ylönen anailemba mu 1995 ku Helsinki University of Technology, anthu ena ataba mapasiwedi pa netiweki ya yunivesiteyo. Imakulunga zonse m'chinsinsi n'kuzidutsitsa pa khomo limodzi, port 22.

Pali chinthu chimene anzanga ambiri sachilabadira, kusiyana kwa -X ndi -Y. Ukagwiritsa ntchito -Y ndiye kuti wauza laputopu yako kuti ikhulupirire sevayo kotheratu. Amene ali ndi mphamvu za root kumeneko, kaya ndi woyang'anira kaya ndi wakuba amene analowa mozemba, akhoza kuona mazenera ako ena ndi zimene ukulemba. Ndiye ngozi imayenda mbali zonse ziwiri. Pa Debian ndi Ubuntu, -X imachita ngati -Y pokhapokha utasintha ForwardX11Trusted kukhala no. Ine seva imene sindikudziwa mwini wake sindiilumikiza ndi X11 n'komwe.

Komabe ndisakunamizeni kuti X11 ndi yabwino paliponse. Pa netiweki ya pasukulu imathamanga bwinobwino. Pa data ya foni ndi zowawa. Pulogalamu imafunsa, kudikira yankho, kufunsanso, kambirimbiri, moti menyu imodzi imatha kutenga masekondi angapo kuti itseguke. Mapulogalamu amakono amatumizanso zithunzi zathunthu m'malo mwa malangizo ojambulira, ndiye bandulo imasungunuka ukuona. Kuwonjezera -C kumathandizako pang'ono. Choipitsitsa n'chakuti kulumikizana kukaduka, pulogalamu imafa nayo ntchito yonse imene sunasunge. Kwathu kuno, kumene magetsi amazima osatsanzika, zimenezi si zazing'ono.

N'chifukwa chake ndikakhala kutali ndimakonda xpra kapena VNC. Izi zimasiya pulogalamu ikuyendabe pa seva. Netiweki ikabwerera, umalumikizanso n'kupeza zenera pomwe unalisiya. Vuto la VNC n'lakuti njira yake yakale yotsimikizira munthu imangowerenga zilembo 8 zoyambirira za pasiwedi, ndipo ma VNC ambiri sabisa zimene zikudutsa. Ndiye ndimaiuza kuti izimvetsera pa localhost pokha, kenako ndimakumba ngalande: ssh -L 5901:localhost:5901 dzina@seva. Pulogalamu yoonera ndimailozetsa ku laputopu yanga yomwe, pa port 5901, SSH n'kunyamula zonse mobisa. Remote Desktop ya Windows nayo isamasiyidwe poyera pa port 3389. Mu 2019 inapezeka ndi bowo lotchedwa BlueKeep, loopsa kwambiri moti Microsoft inatulutsa chigamba ngakhale cha Windows XP, imene inali itasiya kale kuisamalira.

Wina anena kuti zonsezi n'zovutitsa, bwanji osangokopera mafayilo pa flash n'kupita nawo kunyumba. Ngati ndi mapu a mitsinje, palibe vuto. Koma anzathu a zaumoyo ndi a za chikhalidwe cha anthu amasunga mayina, midzi ndi matenda a anthu amene anawafunsa. Anthu amenewo anasaina, ena anadinda chala, atalonjezedwa kuti zimene anena sizidzatuluka. Flash imagwa mu minibasi, laputopu imabedwa kuhositelo. Mafayilo akakhala pa seva, chimene chimafika kwa ine ndi chithunzi cha zenera basi, ndipo wakuba laputopu sapezamo mayina a anthu aja.

Zimenezi zimagwira ngati khomo la SSH lenilenilo lili lolimba. Ndinapanga kiyi ndi ssh-keygen -t ed25519, n'kuitchinga ndi mawu achinsinsi aatali, kuti wotola laputopu asalowe nayo. Tsiku loyamba kulumikiza, SSH imaonetsa chidindo cha seva n'kufunsa ngati ukuchidziwa. Ambiri amangolemba yes. Ine ndinapita kwa amene amayang'anira sevayo, anandiwerengera chidindo chake, ndipo ndinachifananitsa ndi cha pa sikirini yanga chilembo ndi chilembo.