Soya si mmodzi

Ndimanyamuka ku Kanjedza kusanache, sipuleya ya malita 16 ili kumsana, ulendo wa kuminda ya ku Chigumula kapena ku Bvumbwe. Ntchito yanga ndi yopopera mankhwala ophera udzu. Ndimapopera dzuwa lisanakwere, mphepo isanayambe, kuopa kuti mankhwala angaulukire m'munda mwa eni.

Mphunzitsi wanga wamkulu pa ntchitoyi ndi soya. Chaka china mayi ena anandiitana kumunda kwawo kumene anadzala mitundu iwiri ya soya, wina kumtunda, wina kumunsi. Ndinathira metribuzin mbewu zisanamere, muyezo umodzi munda wonse. Dothi linali lamchenga, ndipo usiku womwewo kunagwa chimvula. Atamera, soya wakumtunda anali wobiriwira bwino. Wakumunsi masamba anachita chikasu, m'mphepete mwake mutauma ngati mwawauka ndi moto. Mayiwo anatola tsamba limodzi, nalifikitsa pankhope panga. "Achimwene, mwandichita chiyani?" Ndinasowa poyang'ana.

Tsiku limenelo ndinadziwa kuti soya si mmodzi. Tikolore, Makwacha, Nasoko, Serenade, onsewa timangoti soya, koma mtundu uliwonse uli ndi chibadwa chake. Wina amasungunula poizoni msanga m'thupi mwake, wina amachedwa mpaka kupsa. Mchenga ndi mvula yambiri zimawonjezera vuto chifukwa zimatsitsira mankhwala kumizu.

Anyamata ena amandionetsa pafoni alimi a ku America ndi ku South Africa akupopera Roundup pamwamba pa soya womera kale. Ndimawauza kuti, "Imeneyo ndi mbewu yosinthidwa ndi asayansi, inayamba kulimidwa ku America mu 1996. Mukayesa pa Tikolore wanu, mukolola mapesi." Roundup ine ndimathira mbewu isanamere basi. Ndikachokera m'munda wa chimanga momwe ndathira atrazine, sipuleya ndimaitsuka katatu, pakuti kotsalira pang'ono kamawononga soya.

Lero ndisanatsegule botolo ndimafunsa dzina la mbewu, ndimafumbata dothi m'manja kuti ndimve ngati lili lamchenga, ndimawerenga zolembedwa pabotolo. Mtundu wachilendo ndimauyesa pa mizere iwiri yokha, kwinako tipalire ndi khasu chaka chimenecho. Ena amati ndimachedwetsa ntchito. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'munda umene ndalowamo muli fizi ya ana a munthu.