Kabuku ka Namwino

Mkulu wanga atachira mwa opaleshoni pa chipatala china, mitima yathu inakhala pansi. Koma patapita masiku anayi thupi lake linatentha, ndipo bala linayamba kutuluka mafinya. Achibale anayamba kunong'onezana kuti alipo wina kumudzi amene wamchita chipongwe. Ine, amene ndinali kumdikirira usana ndi usiku, ndinasowa chogwira.

M'mawa mwake kunabwera namwino wachikulire ali ndi kabuku m'manja. Analembamo tsiku la opaleshoni, chipinda chimene inachitikira, ndi tsiku limene bala linayamba kutupa. Ndinapsa mtima.

"Amayi, ife tikufuna mankhwala. Kodi zolembazi zichiza munthu?"

"Mankhwala alandira, mwana wanga," anayankha modekha. "Koma mkulu wakoyu ndi wachitatu sabata ino. Bala limodzi likhoza kukhala tsoka. Atatu ali ndi gwero."

Kabuku kaja kanaonetsa kuti amayi atatuwo anachitidwa opaleshoni m'chipinda chimodzi. Atafufuza, anapeza kuti makina ophera tizilombo pa zipangizo sanali kutentha mokwanira. Anawakonza, ndipo pamene tinkatuluka wachinayi anali asanapezeke.

Pambuyo pake ndinaphunzira kuti nzeru imeneyi ndi yakale. M'chaka cha 1847, dokotala Ignaz Semmelweis wa pa chipatala cha ku Vienna anayerekeza imfa za amayi m'zipinda ziwiri zochirira. Kumene kunkagwira madokotala ophunzira, amene ankachokera kong'amba mitembo, amayi ankafa ambiri kuposa kwa azamba. Atalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini, imfa zinatsika kuchoka pa amayi pafupifupi 18 pa 100 alionse kufika pa awiri okha. Chinamtsegula maso ndi kuwerenga.

Vutoli silinathe. M'chaka cha 2022 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'maiko osauka, odwala 15 mwa 100 alionse ogonekedwa amatenga matenda ena m'chipatala momwemo. Ngati palibe wolemba, aliyense amalira yekha, naloza chala mnansi wosalakwa.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkulu wanga anatuluka patatha masabata atatu, khanda lili kumsana. Namwino uja sindinamthokoze, ndipo mpaka lero mawu anga aja amandichititsa manyazi.